Mzere wa Choko

Ntchito yanga imayamba teni koloko usiku,
minda ya mpesa ya kumadzulo kwa Falansa itamira mumdima.
Ndimatsika masitepe makumi atatu ndi awiri
kukafika pansi, kumene mapampu amang'ung'udza osapuma,
tochi kumanja, choko m'thumba la ovolosi.

Pamwamba panga, mkati mwa konkire wochindikala,
muli moto wopanda utsi, moto wa nyukiliya.
Ukauzimitsa sufa msanga.
Umanyeka chamkati masiku ambirimbiri
ngati khala lobisala m'phulusa,
ukupempha madzi, madzi, madzi.
N'chifukwa chake tinamanga pano, pamathiriro a mtsinje,
pamene madzi amchere amakumana ndi a kumtunda.
Tinawaitana mwaulemu, tinawayalira mapaipi.
Koma mlendo wozolowera pakhomo
tsiku lina amalowera pazenera.

Thibaut Darrigade, injiniya wathu, anali ndi pepala.
Pepalalo linkati khoma la kunyanja ndi mamita asanu ndi theka,
linkati chigumula cholidumpha
chimabwera kamodzi pa zaka chikwi.
Ndinamufunsa: zaka chikwizo tinayamba liti kuwerenga?
Anaseka. Kenako analeka kuseka.

Bambo anga, a Firmin, ankakola mikunga pano
siteshoni isanamere m'dambo.
Ankaloza chipupa cha tchalitchi,
pamene matope anasiya chipsera chaka chomwe anabadwa,
nkumati: Ghislaine, madzi saiwala khwawa.

Usiku uja wa Febuluwale
nyanja inakwera monga pepala linanenera.
Chimene pepala silinawerenge ndi mphepo.
Inabereka mafunde kumsana nkuwatula kuseri kwa khoma,
ndipo sanagogode pa chitseko chachikulu ayi,
anakwawa m'ngalande za mawaya,
m'mabowo omwe sitinawapatse dzina,
ndii, ndii, mwakachetechete ngati mbava yodziwa nyumba.

Wani koloko: m'kapolo wa phazi. Ndinalemba mzere.
Thu koloko: pa katumba. Mzere wina.
Msewu wopita kumudzi unali utamizidwa,
olowa ntchito m'mawa sakanatha kutipeza.
Pampu yoyamba inatsokomola, nkukhala chete.
Chete ameneyo ndimamumvabe mpaka lero.

Yachiwiri inkalirabe.
Ndinaika dzanja pa chitsulo chake chofunda
monga ndinkachitira pachifuwa pa Maelys
chaka chomwe anadwala chibayo.
Sindinapemphere. Ndinkangowerenga.
Thibaut, madzi m'mawondo, ankanyamula matumba amchenga
tayi ili pakhosi,
pepala lake likuyandama pambali pa ndowa.

Cha m'ma folo koloko nyanja inakumbukira kwawo.
Inabwerera yokha. Sitinaigonjetse.
Mzere wanga womaliza unatsala zala zinayi
kuti ufike pa bokosi la magetsi.
Ndinayeza kawiri. Zala zinayi, za dzanja langa laling'onoli.

M'mawa anthu m'tauni anayatsa maketulo awo,
anagula buledi, anadandaula za matailosi
omwe mphepo inasasula padenga.

Tsopano khoma analikweza.
Majenereta a dizilo anawakwezera pachulu cha konkire,
mabowo onse ali ndi dzina ndi nambala,
zitseko ndi zachitsulo, milomo yake yalabala,
ndipo Lachiwiri lililonse ndimaipapasa ndi chala
kufunafuna mng'alu.
Pali pepala latsopano. Ndi labwino, ndaliwerenga.
Likuti zaka zikwi khumi.

Opaka penti anabwera mwezi watha
ndi zitini za utoto woyera.
Ndinawapempha asiye kachigawo kamodzi ka chipupa.
Akuluakulu anakana, akuti sizioneka bwino kwa alendo.

Ndiye usiku uliwonse, ndikafika pansi,
ndimagwada, ndimayeza zala zinayi,
ndimalembanso.
Wosesa wa m'mawa amafufuta.
Sitinakumanepo, iye ndi ine,
koma dzulo ndinapeza pa sitepe yomaliza
choko chatsopano, chosathyoka.